Choko Kapena Malasha?

Abale ndi alongo, Sabata lapitali titaweruka mapemphero, mnyamata wina wa mumpingo mwathu, mphunzitsi ku Zóbuè, ananditengera pambali. Wapeza mwayi woyendetsa galimoto yonyamula malasha ku Moatize, ndipo malipiro ake ndi oposa a uphunzitsi kutalitali. Koma mtima wake uli pa ana a m'kalasi. "Abusa, ndichite chiyani?"

Sindinafulumire kumuuza kuti ndalama n'zachabe. Onena zimenezi kawirikawiri amakhala atakhuta. Mnyamatayu akusamala mayi ake amasiye ndi azichemwali awiri a pasukulu. Ntchito ya kumgodi si tchimo.

Komabe ndinamukumbutsa zimene maso athu aona. Vale itayamba kukumba malasha mu 2011, ambiri anataya makasu n'kuthamangira ku Moatize. Mtengo wa malasha utagwa m'zaka zotsatira, ena anabwerera kumudzi chimanjamanja, ndipo mu 2022 mgodiwo unapita m'manja mwa Vulcan.

Ndikamadutsa pachipata cha Zóbuè popita ku Mwanza, ndimakumbukira okhometsa msonkho awiri. Levi anauzidwa kusiya ntchito yake (Marko 2:14), koma Zakeyu sitiwerenga kuti anauzidwa chomwecho. Iye anasintha kagwiridwe ka ndalama (Luka 19:8). Onse awiri anamvera Ambuye mmodzi.

Ndinamufunsa ngati wakambirana ndi mayi ake, amene akuwaganizira kuti akufuna ndalamazo. Anaweramitsa mutu: sanawafunse n'komwe. Tapangana kukawaona limodzi Lachitatu. Mutikumbukire m'mapemphero.