Chamba cha chiphaso: yesani pa kandime, lembani, gawanani zomwe mwapeza

Alimi anzanga, pa misonkhano ya m'midzi masiku ano tikatha kukamba za feteleza ndi ntchemberezandonda, sipalephera kuimirira munthu wofunsa za chamba. Funso lake limakhala lomwelo: "Alangizi, gulu lathu likapeza chiphaso, tibzale mtundu uti, nanga tibzale liti?" Yankho la funso limeneli si limodzi dziko lonse. La ku Lilongwe silingakhale la ku Nsanje, ndipo la ku Nsanje silingathandize wa ku Nkhata Bay. Yankho la dera lanu lituluka m'minda yanu yomwe, ngati muyesa mwadongosolo, kulemba zomwe mwaona ndi kugawana ndi anzanu a madera ena.

Tikumbutsane komwe tachokera. Mu 2015 a Boniface Kadzamira, omwe adali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, adabweretsa nkhani ya chamba m'Nyumba ya Malamulo, ndipo kafukufuku wa mbewuyi adayambika ku Chitedze. Mu Febuluwale 2020 aphungu adavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, lomwe lidakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso. Mitengo ya ziphaso idatuluka m'madola a ku America: 10,000 kwa wolima cha mankhwala, 2,000 kwa wolima cha mafakitale. Potsegulira msika wa fodya mu 2021, a Lazarus Chakwera, omwe adali mtsogoleri wa dziko lino, adati fodya akupita pansi ndipo adatchula chamba ngati imodzi mwa mbewu zoti tilowereko. Mu Malichi 2024 aphungu adavomerezanso bilu yoti chamba chathu cha makolo chilowe m'gulu la cholimidwa ndi chiphaso.

Chomwe sichidasinthe ndi ichi: kusuta chamba ndi mlandu, kulima popanda chiphaso ndi mlandu, ngakhale mitengo itakhala isanu kuseri kwa khola. Zonse zomwe ndikambe pano ndi za magulu ndi makopaletivi omwe ali ndi chiphaso, kapena omwe akulingalira zokachitenga.

Malamulo adathamanga, ulangizi n'kutsalira m'mbuyo. Tonse tidamva za magulu omwe adasonkha ndalama, ena atagulitsa mbuzi, ena atakongola ku banki m'khonde, n'kulipira chiphaso ndi mbewu, koma mapeto ake zokolola zochepa kapena wogula osaoneka. Nkhani ya misika ndi yaikulu payokha. Koma pali vuto lina lomwe silikambidwa kawirikawiri, la m'munda mwenimwenimo.

Ndidayenderapo munda wa gulu lina la chiphaso lomwe lidabzala mbewu yochokera kunja. Pa chithunzi chomwe ogulitsa adawaonetsa, mitengo idali yaitali kuposa munthu. M'munda mwawo idali yofika m'mawondo, koma itayamba kale maluwa. Wina adati feteleza adachepa, wina adati adawagulitsa mbewu yachinyengo. Nditafunsa tsiku lomwe adabzala, mamembala atatu adandipatsa masiku atatu osiyana. Tsiku lomwe maluwa adayamba palibe adalikumbuka. Mvula yomwe idagwa palibe adaiyeza. Ndalama zidapita, ndipo phunziro lomwe akadatolapo lidapita nazo limodzi.

Chifukwa chiyani mbewu ya kunja imatero kuno?

Chamba chimawerenga kutalika kwa usiku. Usana ukakhala wautali chimangokula thunthu ndi masamba. Usiku ukatalika chimasiya kukula n'kuyamba maluwa. Mitundu yambiri ya chamba cha mafakitale idapangidwira maiko ngati France, komwe m'mwezi wa Juni dzuwa limakhala kunja maola pafupifupi 16. Kumeneko mbewu imakhala ndi miyezi ingapo yokula isanaganize za maluwa. Kuno ku Lilongwe tsiku lalitali kwambiri, la mu Disembala, ndi la maola pafupifupi 13, ndipo lalifupi, la mu Juni, limangopitirira pang'ono maola 11. Choncho mbewu ya ku Ulaya ikamera kuno imaona ngati nyengo yatha kale, n'kuthamangira maluwa idakali yaing'ono. Kwa wolima chamba cha ulusi kumeneko ndi kugwa nayo, chifukwa katundu wake ndi thunthu. Feteleza wochuluka bwanji sangatalikitse usana. Makampani akuluakulu amayatsa magetsi m'mashedi kuti mbewu ione ngati kudakali kowala, koma gulu la kumudzi lolima panja silingakwanitse zimenezo. Njira yake ndi kupeza mtundu wogwirizana ndi dzuwa lathu.

Kutalika kwa usana sikusiyana kwambiri kuchokera ku Karonga kufika ku Nsanje, koma mvula, kutentha ndi nthaka zimasiyana kutalitali. Maluwa a chamba amakhala othithikana, ndipo akamakhwima pa chinyontho chambiri amagwidwa chuku n'kuola kuyambira mkati. Mlimi wa ku Kasungu, komwe mvula imakonda kuleka kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, akhoza kukolola kunja kutayamba kuuma. Mnzake wa ku Nkhata Bay, wobzala tsiku lomwelo, mvula idzakhala ikumugwerabe. Wa ku Mulanje ndi Thyolo ali ndi chiperoni cha m'miyezi yozizira. Wa ku Chikwawa ndi Nsanje akulimbana ndi kutentha kopyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, pomwe wa ku Dedza kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi kumamuchedwetsera mbewu ya m'dimba. Chamba sichifunanso madzi odikha. Pa dothi la makande lomwe limasunga madzi, mizu imaola.

Palinso nkhani ya mungu. Chamba chili ndi mitengo yaimuna ndi yaikazi, ndipo mungu wake umauluka ndi mphepo makilomita angapo. M'madera momwe chamba cha makolo chimalimidwa mobisa, monga kumapiri a ku Nkhotakota, mungu wa kumeneko ukhoza kugwera m'munda wa chiphaso. Wolima maluwa a mankhwala amapeza adzaza njere, mtengo wake n'kutsika. Wosunga mbewu amapeza chaka chotsatira yasakanikirana. Apa m'pomwe pali ngozi, chifukwa lamulo limati chamba cha mafakitale chisapyole gawo limodzi pa magawo 100 a THC, chija chimaledzeretsachi. Kuchuluka kwa THC kumadalira makamaka mtundu wa mbewu ndi nthawi yokolola, ndipo kumakwera maluwa akamakhwima. Mukachedwa kukolola, munda womwe udali wovomerezeka ukhoza kupyola malire.

Malo a kafukufuku a boma alipo: Chitedze, Bvumbwe, Makoka, Kasinthula, Lunyangwa, Baka ndi ena. Amagwira ntchito yofunika, koma sangaimire phiri lililonse ndi dambo lililonse. Mutu umodzi susenza denga.

Anzathu akuchita bwanji?

Ku America, komwe malire a THC ndi otsika kuposa athu, 0.3 pa 100, alimi ambiri adalamulidwa kuwononga minda yawo chamba chitapyola malire m'zaka zoyamba lamulo la 2018 litalola ulimiwu. Mu 2020 alangizi a University of Illinois, mogwirizana ndi sukulu zina za m'chigawo chimenecho, adatsegula kaundula wotchedwa Midwestern Hemp Database. Mlimi amapereka dzina la mtundu womwe wabzala, tsiku lobzala, tsiku la maluwa ndi zokolola, ndipo amayezetsa maluwa ake ku labotale pa mtengo wotsikirapo. Zonse zimaikidwa poyera kuti wofuna kugula mbewu aone kaye momwe mtunduwo udachitira kwa anzake. Kaundulayu adaonetsa kuti mankhwala ofunidwa aja, otchedwa CBD, amakwera limodzi ndi THC, kotero wodikira kuti CBD achuluke kwambiri amakhala akusewera ndi malire a lamulo.

Musaone ngati nzeru imeneyi ndi yachilendo. Njira ya munda wa mayi ndi minda ya ana idayambira kuno ku Malawi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, katswiri wa za nthaka Sieglinde Snapp akugwira ntchito ndi alimi a mbewu za mtundu wa nyemba. Munda wa mayi umakhala ndi mitundu yonse yoyesedwa, pomwe alimi ozungulira amatenga mitundu iwiri kapena itatu kukayesa kwawo. Lero njirayi ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Ina yofanana nayo imapatsa mlimi aliyense mapaketi atatu opanda maina, iye n'kumangonena kuti wapambana ndi uti, watsalira ndi uti. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 adasonkhanitsa zotsatira za minda yoposa 12,000 ya nyemba ku Nicaragua ndi ya tirigu ku Ethiopia ndi India, ndipo adaonetsa kuti zomwe alimi amaona, zikaphatikizidwa ndi chiwerengero cha mvula ndi kutentha, zimathandiza kudziwa mtundu woyenera dera lililonse. Zomwe tidachita ndi nandolo ndi mtedza tikhoza kuchita ndi chamba cha chiphaso.

Zoyenera kuchita gulu lanu

Choyamba, funsani a Cannabis Regulatory Authority ngati chiphaso chanu chikulola mitundu yomwe mukufuna kuyesa, ndipo mbewu ikhale yodzera m'njira yovomerezeka. Kuyesaku kuchitikire pa malo omwe adalembedwa pa chiphaso, osati aliyense kumunda kwake.

Chachiwiri, gwirizanani ndi magulu a madera ena kuti nonse muyese mitundu yofanana, itatu ndi yokwanira. Gulu lililonse likabzala yakeyake, palibe chofananiza. Dulani ndime zofanana kukula, mwachitsanzo mamita 5 m'litali ndi 5 m'lifupi, pa nthaka yofanana, ndi manyowa kapena feteleza wofanana. Mtundu uliwonse ukhale pa ndime ziwiri kapena zitatu zotalikirana, kuopa kuti wina angapambane chifukwa choti udagwera pa chulu. Ngati malo alipo, bzalani kawiri: ndi mvula yoyamba, kenako patatha masabata anayi.

Chachitatu, gulani kope limodzi ndi choyezera mvula, musankhe mlembi ndi womuthandiza. M'kopemo mulembe dzina la mtundu ndi komwe mudaugula, tsiku lobzala, mbewu zomwe zamera pa zomwe mudabzala, kutalika kwa mitengo khumi yomweyomweyo sabata iliyonse, tsiku lomwe maluwa oyamba aoneka, mitengo yaimuna yomwe mwapeza, mvula ya tsiku lililonse m'mamilimita, tizilombo ndi matenda, tsiku lokolola ndi kulemera kwa zokolola zitauma. Lembaninso ndalama iliyonse yomwe yatuluka, kuphatikizapo aganyu ndi alonda. Amene ali ndi foni azijambula ndime iliyonse tsiku lomwelo la sabata, munthu ataima pambali ndi ndodo ya mita imodzi.

Chachinayi, yezetsani. THC sitiiona ndi maso, sitiidziwa ndi fungo. Magulu asonkherane ndalama yotumizira zitsanzo ku labotale yovomerezeka, kamodzi maluwa ali pakati, kenanso pokolola. Zotsatira zake ndi zomwe zidzakuuzeni sabata yoyenera kukolola m'dera lanu.

Chachisanu, lembani ndi zolephera zomwe. Ife alimi timakonda kuonetsa alendo ndime yokongola n'kubisa yomwe yakanika. Pa kafukufuku, ndime yoola ndi chuku ili ndi phindu chimodzimodzi ndi yobereka, chifukwa ndi yomwe ipulumutse gulu lina la dera lofanana ndi lanu.

Pochenjera pake

Kope likhale la gulu. Ogulitsa mbewu akhoza kudzipereka kuti azikusungirani zolemba, koma wamalonda sangalengeze kuti mbewu yake idakanika ku Salima. Zotsatira zizipita kwa mlangizi wa dera lanu, ku ofesi ya zaulimi ya boma lanu ndi kwa magulu anzanu, zabwino ndi zoipa zomwe.

Chaka chimodzi sichokwanira kuweruzira mtundu. Amene akadayesa mu 2023 kummwera akadakumana ndi namondwe Freddy, ndipo a chaka chotsatira adakumana ndi ng'amba ya El Niño. Mtundu womwe wachita bwino zaka ziwiri kapena zitatu, pa minda ingapo, ndi womwe mungaukulitsire munda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kope silibweretsa wogula. Musanakulitse munda, khalani ndi mgwirizano wolembedwa wonena mtengo, mlingo wa CBD kapena mtundu wa ulusi womwe akufuna, yemwe alipire labotale, ndi chomwe chichitike katundu akakanidwa. Koma gulu lomwe lili ndi zolemba za zaka ziwiri limakambirana ndi wogula likudziwa kuti kilogalamu imodzi imalidyera ndalama zingati, ndipo silinamizidwa msanga. Munda wa chimanga, chinangwa ndi mbatata usachepe chifukwa cha chamba. Chikakanidwa ku msika, ana sangachidye.

Kwa aboma ndi a Cannabis Regulatory Authority, pempho langa ndi lakuti pakhale fomu imodzi yosavuta, ya m'Chichewa ndi Chitumbuka, yomwe gulu lililonse la chiphaso lizidzaza, ndipo zotsatira zizilengezedwa chaka ndi chaka boma lililonse palokha. Alangizi tiphunzitsidwenso za mbewuyi, chifukwa ambiri a ife tidatuluka ku sukulu ya zaulimi chamba chili nkhani ya apolisi basi.

Inu omwe mudakali kulingalira zotenga chiphaso, pitani kaye kwa gulu lomwe lidalimapo m'dera lofanana ndi lanu mukapemphe kuona kope lawo. Funsani tsiku lobzala, tsiku la maluwa, zotsatira za ku labotale ndi ndalama zomwe adalandira m'manja. Ngati mayankho amenewa palibe, ndalama za gulu zikhale kaye ku banki. Inu omwe muli nacho kale chiphaso, mvula isanagwe khalani pansi ndi mlangizi wanu, mudule ndime, mugule kope, ndipo tsamba loyamba mulembe tsiku lobzala.