Mlembi, Pepala la Kuchimbudzi ndi Kompyuta

Tsiku lina tikukambirana nkhani yaifupi m'kalasi, mnyamata wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, masiku ano munthu amangouza foni kuti imulembere ndakatulo, pakamphindi kochepa ndakatulo ija yatuluka. Nanga ife tikuvutikiranji ndi za alembi akalekale?" Anzake anaseka, koma ine sindinaseke nawo chifukwa funsoli si lachibwana. Ambiri mwa inu amene mukukonzekera mayeso a MSCE muli nalo mumtima, kungoti simulinena.

Ndiyankha ndi moyo wa mlembi mmodzi wa ku Kenya, Ngũgĩ wa Thiong'o, amene anabadwa mu 1938 ndipo anamwalira mu Meyi 2025. Mwina simudzakumana naye pa pepala la Chichewa, komabe ndamusankha dala. Munthuyu analembapo buku pa chinthu chonyozeka kwambiri, ndipo atakalamba anaona nkhani yake ikufalikira dziko lonse kudzera pa intaneti. Mbali zonse ziwiri anazilawa.

Ngũgĩ anakulira ku Kamĩrĩĩthũ, kufupi ndi tawuni ya Limuru, pa banja lamitala. Bambo ake anali ndi akazi anayi. Mayi ake, Wanjikũ, sankadziwa kuwerenga, koma ndiwo anamutumiza kusukulu, ndipo akabwera ndi zotsatira za mayeso ankamufunsa ngati anayesetsa ndi mphamvu zake zonse. Anaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda, kenako ku Leeds ku Mangalande. Mabuku ake oyamba, monga Weep Not, Child la mu 1964 ndi The River Between la mu 1965, anawalemba m'Chingerezi, ndipo boma silinamuvutitse nawo kwenikweni.

Zinthu zinatembenuka mu 1977. Iye ndi mnzake Ngũgĩ wa Mĩriĩ analemba sewero lotchedwa Ngaahika Ndeenda m'chiyankhulo chawo cha Chikikuyu, ndipo amene ankalisewera anali anthu wamba a m'mudzi, alimi ndi ogwira ntchito m'mafakitale. Boma linaletsa sewerolo. Kumapeto kwa Disembala chaka chomwecho apolisi anamutenga kukamutsekera ku ndende ya Kamiti popanda kuzengedwa mlandu. Taonani apa: mabuku a Chingerezi anamupatsa mbiri, koma sewero limene agogo a kumudzi ankalimva ndi limene linamulowetsa m'ndende. Iye mwini anaziona zimenezi, ndipo ali m'chitokosi anatsimikiza mtima kuti nkhani zake zopeka azizilemba m'Chikikuyu.

Tsono alembe pa chiyani? Mapepala enieni ankapezeka movutikira. Chimene ankapatsidwa kawirikawiri ndi pepala la kuchimbudzi, lomwe linali lokhakhala komanso lolimba, loipa ku thupi koma labwino ku cholembera. Pamenepo ndi pamene analemba buku lonse la Caitaani Mũtharaba-inĩ, limene m'Chingerezi limatchedwa Devil on the Cross. Nthawi ina asilikali a ndende atachita chipikisheni anamulanda mpukutu wonse, ndipo anakhala masiku akuganiza kuti ntchito ya miyezi yambiri yapita. Mwamwayi anamubwezera. Anatuluka mu Disembala 1978, ndipo bukulo linasindikizidwa mu 1980.

Chimene ndikufuna muchigwire si chisoni cha m'ndende ayi, koma mtundu wa ntchito imene ankagwira tsiku ndi tsiku. Munthu amene anali mkulu wa gawo la zolembalemba pa yunivesite ya Nairobi anapeza kuti chiyankhulo cha mayi ake chikumuvuta kuchilemba. Kalembedwe kamene anasiya amishonale sikankaonetsa bwino kamvekedwe ka mawu ena. Ankalimbana ndi liwu limodzi, kufufuta, kulembanso, kumvetsera momwe akaidi anzake akuyankhulira. Imeneyi ndiyo ntchito ya mlembi, ndipo siyosiyana kwenikweni ndi kupalira: mzere umodzi, kenako wina, mawa kubwereranso. Kwathu kuno tili ndi Jack Mapanje amene anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, ndipo ndakatulo zambiri ankazipeka n'kuzisunga m'mutu. Choncho musandiuze kuti simungalembe chimangirizo chabwino chifukwa kwanu kulibe kompyuta.

Koma musandimve molakwa, ngati kuti ndikunyoza zipangizo zamakono. Aphunzitsi anzanga ena amatero, amati foni yaononga ana, intaneti yapha chikhalidwe. Ine sindigwirizana nawo kotheratu, ndipo Ngũgĩ naye sankaganiza choncho. M'buku lake la Globalectics la mu 2012 anafotokoza kuti pa intaneti zolembedwa ndi zapakamwa zikuyandikananso. Tangoganizani: munthu akalemba uthenga, mnzake amayankha nthawi yomweyo, wina n'kuwonjezerapo zake, monga momwe omvera nthano amavomerera kuti "tili tonse". Buku losindikizidwa silikuyankha. Kwa anthu ngati ife amene luso lathu linayambira pa nthano, miyambi ndi nyimbo za pamtondo, mfundo imeneyi siyoti n'kuitaya.

Umboni wake unaoneka mu 2016. Gulu la alembi achinyamata a mu Africa lotchedwa Jalada linatenga kanthano kamene Ngũgĩ analemba m'Chikikuyu, kofotokoza chifukwa chake anthu amayenda choimirira, momwe manja ndi miyendo zimapikisana kuti wofunika kwambiri ndani. Achinyamatawa anapempha anthu a m'mayiko osiyanasiyana kuti akamasulire m'ziyankhulo zawo, n'kukaika pa intaneti m'ziyankhulo zoposa 30 nthawi imodzi. M'zaka zotsatira chiwerengerochi chinakwera mpaka kuyandikira 100. Ndi kampani iti yosindikiza mabuku imene ikanalola kutaya ndalama zake pa kanthano kamodzi m'ziyankhulo zonsezi, zina zoyankhulidwa ndi anthu ochepa? Palibe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa intaneti ndi imene inasonkhanitsa osenza dengalo.

Komabe funsani kuti, chimene anthu onsewa ankamasulira chinachokera kuti? Chinachokera kwa nkhalamba ya zaka 78 imene inatha zaka zambiri ikuphunzira kulemba chiyankhulo chake. Intaneti inanyamula katundu n'kukamutula kutali, koma womanga katunduyo anali munthu. Ngakhale kale lomwe nkhani zake zinkapeza njira. Iye analemba kuti Caitaani Mũtharaba-inĩ litatuluka, anthu odziwa kuwerenga ankaliwerenga mokweza m'mabanja ndi m'malo omwera mowa kuti osadziwa kuwerenga amve nawo. Buku lina, Matigari, la mu 1986, linatchuka kwambiri moti apolisi anayamba kusakasaka munthu wotchedwa Matigari, ndipo atazindikira kuti ndi mtengambali wa m'buku chabe, analanda mabukuwo m'masitolo.

Pa za moyo wake wapabanja ndinenepo pang'ono, chifukwa pali phunziro la mayeso pamenepa. Ngũgĩ anakhala kunja kwa dziko lake kuyambira 1982, poyamba ku London, kenako ku America komwe ankaphunzitsa. Atabwerera kukacheza ku Kenya mu 2004, zigawenga zinathyola nyumba imene anafikira ku Nairobi n'kumuchitira nkhanza pamodzi ndi mkazi wake. Anthu anamumvera chisoni ngati ngwazi. Koma mu 2024 mwana wake wamwamuna, yemwenso ndi mlembi, analemba pa intaneti kuti bambo akewo ankazunza malemu mayi ake, ndipo nkhaniyo inagawa anthu, a m'banja momwemo. Intaneti yomwe inakweza dzina lake ndi yomwenso inatulutsira pabwalo za m'nyumba. Sindine woweruza mlandu umenewu. Ndikungoti mlembi ndi munthu, ndipo buku labwino si chikalata chotsimikizira kuti mwini wake ndi wolungama.

N'chifukwa chake ndimakuuzani kawirikawiri kuti musamasokoneze mlembi ndi wofotokoza nkhani. Mukaona mawu oti "ine" m'ndakatulo, musathamangire kulemba kuti mlakatuli anasiyidwa ndi mkazi wake. Woyankhula m'ndakatulo ndi wina, wolemba ndi wina. Funso likati mufotokoze phunziro la m'nkhani, umboni wanu uchokere m'nkhanimo: zochita za atengambali, malo, nthawi, mawu amene asankhidwa. Mbiri ya mlembi imathandiza kumvetsa chimene chinamukankha kulemba, koma siyankha funso m'malo mwa buku. Ophunzira ambiri amataya malikisi pamenepa, amakamba za kunja kwa nkhani tsamba lonse.

Pali chinanso chimene foni yakubweretserani chomwe ine chimandidandaulitsa ndikamachonga makope. Mbadwo wanu ukulemba Chichewa kwambiri kuposa mibadwo yonse ya m'mbuyomu, pa WhatsApp ndi pa Facebook, usana ndi usiku. Zimenezi n'zokondweretsa ndithu. Vuto ndi loti dzanja limazolowera. Amene tsiku lonse amalemba "kwambili", "ndkubwela" ndi "zkm" pa foni, akafika m'chipinda cha mayeso dzanja limangopita komwe linazolowera. Lamulo mukulidziwa: m'kati mwa liwu, pambuyo pa i ndi e timalemba r, n'chifukwa chake timati kwambiri, ndikubwera. Nkhodolero ya mu "m'nyumba" siyokongoletsera ayi. Sindikuti muleke kucheza pa foni. Ndikuti pa mauthenga khumi amene mumatumiza, yesani kulemba atatu molondola, zilembo zonse zili m'malo mwake. Palibe amene adzakulipiritseni.

Mnyamata uja ndinamupatsa ntchito. Ndinamuuza kuti akapemphe foni imulembere ndakatulo ya Chichewa yonena za njala, iyenso alembe yake atacheza ndi agogo ake za njala ya mu 2002, ndipo zonse ziwiri abwere nazo Lolemba. Anabwera nazodi, tinaziwerenga mokweza osatchula mwini. Ya foni inali yosalala, mizere yofanana, yodzaza ndi mawu monga misozi, chisoni ndi chiyembekezo. Inali ndi mwambi umene palibe aliyense m'kalasi anaumvapo. Yake inali yokhotakhota, zilembo zina zolakwika, koma munali gaga wogulidwa pa mbale, munali mayi wowiritsa nthochi zosakhwima, munali mbuzi yogulitsidwa pa mtengo wa nkhuku. Atafika pa mbuziyo, mtsikana wina wakutsogolo ananena chapansipansi kuti, "Kwathunso zinachitika zimenezo."