Ascension: Chilumba Chomwe Palibe Amene Angachitche Kwawo

Tsegulani mapu pafoni yanuyo, mulembe kuti Ascension Island. Chimene chituluke ndi kadontho pakati pa nyanja ya Atlantic, ndipo muyenera kufinya sikirini kangapo kuti muone mtunda wina uliwonse. Gombe la Africa lili pa makilomita pafupifupi 1,600, la Brazil lili kupitirira 2,000. Chilumba choyandikana nacho, St Helena, chili pa makilomita 1,300. Ndiye "neba" ameneyo.

Sabata ino ulendo wathu ukutifikitsa kumeneko. Chilumbachi n'chachikulu masikweya kilomita 88, kutanthauza kuti Likoma ingalowemo pafupifupi kasanu. Pamakhala anthu pafupifupi 800. Koma chodabwitsa n'chakuti mwa anthu onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe amene malamulo amamulola kukhazikikapo mpaka kalekale.

Ascension inabadwa ndi moto. Ndi nsonga ya phiri lophulika lomwe linatumphuka pansi pa nyanja, ndipo mbali yaikulu ya chilumbachi ndi chiphalaphala chouma, chakuda ndi chofiirira, chokhala ndi timapiri taphulusa tambirimbiri. Mtsinje woyenda chaka chonse kulibe. Apwitikizi anachiona koyamba mu 1501, ndipo mu 1503 Afonso de Albuquerque anachipatsa dzina chifukwa anafikapo pa tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu. Anangochiyang'ana n'kupitiriza ulendo. Kwa zaka zoposa 300 panalibe wofuna kumangapo nyumba. Amalinyero ankangoima kudzagwira akamba am'nyanja ndi mbalame, basi. Mu 1701 sitima ya William Dampier, yotchedwa Roebuck, inamira pafupi ndi gombe, ndipo anthu ake anapulumuka chifukwa anapeza kasupe wamng'ono kuphiri.

Chinasintha zinthu ndi mantha. Mu 1815 Angelezi atagonjetsa Napoleon anakamutsekera ku St Helena. Kenako anayamba kuganiza: nanga Afalansa atatenga Ascension n'kuigwiritsa ntchito pokamuthawitsa? Chaka chomwecho anaikapo asilikali. Poti pankakhala asilikali apamadzi okhaokha, m'mabuku a boma chilumba chonsecho chinalembedwa ngati sitima yankhondo, HMS Ascension. Eya, chilumba chamiyala kulembedwa ngati sitima. Napoleon anamwalira mu 1821 koma asilikali sanachoke. Malowa anasanduka popumira sitima za Britain zomwe zinkasaka sitima zonyamula akapolo kugombe la kumadzulo kwa Africa. Amalinyero odwala chikasu ankawasiya pagombe lapadera kuti asapatsire ena, ndipo manda awo alipo mpaka lero pamalo otchedwa Comfortless Cove, dzina lonena za malo opanda chitonthozo.

Vuto lalikulu la asilikaliwa silinali adani koma ludzu. Apa m'pamene nkhani ya phiri la Green Mountain, lotalika mamita 859, imalowera. Charles Darwin anafika pachilumbachi mu 1836 n'kupeza malo ouma, opanda mitengo. Mnzake Joseph Hooker, katswiri wa zomera, anafika mu 1843 ndipo anabwera ndi maganizo: dzalani mitengo pamwamba pa phiri, masamba azikola chifunga chochokera kunyanja, madzi azidontha pansi, nthaka izisunga chinyezi. Kuyambira cha m'ma 1850 sitima zinayamba kututa mbande kuchokera m'mayiko osiyanasiyana mothandizidwa ndi munda wa zomera wa Kew ku London. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1870, pamwamba pa phiri panali bulugamu, paini, nsungwi ndi nthochi. Lero munthu amachoka pamiyala yotentha m'munsi, n'kukwera pang'ono, n'kupezeka ali m'nkhalango yonyowa yomwe mitengo yake inachita kubwera pa sitima.

Tisafulumire kuwomba m'manja. Zomera zobwerazi zinapondereza zomera zachilengedwe za pachilumbachi, zina zomwe sizipezeka kwina kulikonse padziko. Kachomera kena kakang'ono ka mtundu wa fern anthu anakaiwala poganiza kuti kanatheratu, mpaka mu 2009 pamene kanapezekanso kakumera paphompho. Amphaka nawo, omwe anabwera nawo kuti azigwira makoswe, anaona kuti mbalame zam'nyanja n'zosavuta kugwira kusiyana ndi khoswe. Mbalame zambiri zinathawira pakachilumba kamwala ka Boatswain Bird Island. Zinatengera ntchito yaikulu yochotsa amphaka olusa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kuti mbalamezo ziyambenso kuikira mazira pachilumba chachikulu. Kukonza chilengedwe ndi manja a munthu kumatheka, koma ngongole yake amalipira ndi adzukulu.

Tibwerere ku nkhondo, chifukwa mbiri ya Ascension imazungulira pomwepo. Mu 1942, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mkati, asilikali a America anaswa miyala n'kumanga bwalo la ndege m'miyezi yochepa chabe. Analitcha Wideawake potengera mbalame zina zomwe zimasokosa usiku ndi usana moti munthu sagona. Ndege za nthawi imeneyo zinali zovuta kuwoloka Atlantic ulendo umodzi, ndiye zinkachoka ku Brazil, kutera pa Ascension kumwa mafuta, n'kupitirira ku Africa. Ndege masauzande ambiri zinadutsa pamenepa. Woyendetsa akaphonya kadontho kameneka, kutsogolo kwake kunali madzi okhaokha.

Patapita zaka 40, mu 1982, Argentina inalanda zilumba za Falkland ndipo Britain inaganiza zokazilanditsa. Bwalo lapafupi lomwe akanatha kugwiritsa ntchito linali Wideawake, ngakhale kuti "pafupi" pake ndi makilomita oposa 6,000. Usiku wa pa 30 April kulowa pa 1 May, ndege yoponya mabomba ya Vulcan inanyamuka pa Ascension kukaphulitsa bwalo la ndege la Port Stanley. Kuti ndege imodziyo ifike n'kubwerera, panafunika ndege 11 za Victor zonyamula mafuta, zina zikumwetsana zokhazokha mumlengalenga. Ulendo wonse unatenga maola pafupifupi 16. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati phindu lake linalingana ndi mafuta omwe anapsa, koma palibe amene amatsutsa kuti popanda Ascension nkhondo ija ikanavuta kwambiri.

Mwina mukuti, zonsezi zikundikhudza bwanji ine? Foni yomwe mukuwerengerayi ili ndi GPS. Masetilaiti a GPS amayang'aniridwa ndi masiteshoni apansi omwe ali m'malo ochepa padziko, ndipo amodzi mwa malowo ndi Ascension. Mukamatumiza lokeshoni pa WhatsApp, kachilumba aka kali ndi gawo lake. Si zachilendo kwa iko. Mu 1899 panafika waya wa mauthenga wodutsa pansi pa nyanja kuchokera ku South Africa. Mu 1966 BBC inatsegulapo siteshoni yomwaza mawu a wailesi ku Africa ndi South America. NASA nayo inali ndi siteshoni yake pamenepa nthawi ya maulendo a Apollo opita kumwezi. Ntchito ya chilumbachi yakhala imodzi kuyambira kale: kulandira zinthu ndi kuzipatsira kutsogolo.

Nanga moyo wa tsiku ndi tsiku? Likulu lake ndi Georgetown, katauni kakang'ono kokhala ndi tchalitchi, chipatala ndi masitolo owerengeka. Sukulu ndi imodzi, ili m'mudzi wa Two Boats. Madzi akumwa amachita kusefa a m'nyanja kuchotsa mchere. Zakudya zambiri zimabwera pa sitima kapena ndege, ndiye sitima ikachedwa mashelefu amaonekera. Abulu osowa mwini amangoyendayenda mumsewu. Kuyambira cha mu December mpaka pakati pa chaka, akamba akuluakulu am'nyanja amasambira kuchokera ku Brazil kudzaikira mazira pamchenga wa Long Beach, pafupi penipeni ndi tauni. Kale ankasungidwa m'maiwe amiyala kudikira mpeni, lero ndi otetezedwa.

Anthu ambiri okhala pano ndi ochokera ku St Helena, ena ku Britain ndi America. Aliyense ali pachilumbachi chifukwa cha kontrakiti ya ntchito, yake kapena ya amene akumusunga. Sungagule malo, sungagule nyumba. Kontrakiti ikatha, umalongedza. Ukapuma pantchito, umalongedza. Mwana amene wakulira pomwepo, amene amadziwa njira iliyonse ya ku Green Mountain, akakwanitsa zaka 18 ayenera kupeza ntchito yakeyake, apo ayi achoke. Pali mabanja omwe akhalapo zaka makumi angapo, koma pamapepala onse ndi alendo.

Apa m'pamene ine ndimaima n'kuganiza. Kamba amene anaswedwa pamchenga wa Ascension amatha kupita kutali zaka zambiri, n'kubwerera kudzaikira mazira pagombe lomwelo, lamulo likumuteteza. Munthu amene anabadwira pamenepo alibe ufulu umenewo. Boma la Britain lili ndi zifukwa zake: kusamalira okalamba ndi osagwira ntchito pamalo akutali chonchi n'kodula, komanso chilumbachi n'chofunika pa zachitetezo. Zifukwazo n'zomveka. Komabe funso silichoka. Kodi kwanu ndi kumene mapepala akunena, kapena kumene unaphunzirira kuyenda?

Ambiri a ife timathamangira kuchoka kumudzi, ndipo palibe cholakwika. Koma timachoka tikudziwa kuti zikavuta pali khomo lomwe tingagogode popanda kuonetsa kalata ya bwana. Achinyamata a ku Ascension amakula akudziwa tsiku lomwe khomo lawo lingatsekedwe.

Tionanenso sabata yamawa, tikakocheze kwina.