Mchenga wa a Samten walemekezedwa, nanga makoko a kwa Kabudula?

Mukatchula mawu oti "mandala" pamaso pa Mmalawi, agogo aganiza za magalasi a m'maso, pamene munthu wa ku Blantyre aganiza za nyumba yosanja ija imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. Dzinalo linachokera pa magalasi a John Moir, mmodzi mwa abale awiri amene ankayendetsa kampaniyo. Koma alipo mandala ena osakhudzana ndi sitolo kapena maso ofooka. Awa ndi mawu a chinenero cha Sanskrit cha ku India, otanthauza chinthu chozungulira, ndipo kwa Abuda a ku Tibet ndi chithunzi chopatulika chojambulidwa ndi mchenga. Sindinasanduke Mbuda ayi. Ndautola mutuwu chifukwa mandala amenewa akutiyalutsa ife a m'tauni pa nkhani ya chimene timachitcha luso.

A Losang Samten anabadwira ku Tibet mu 1953. Mu 1959, chaka chimene Dalai Lama anathawa asilikali a China, banja lawo nalo linathawa iwo ali kamwana. Anakulira ku India, nalowa m'nyumba ya amonke ya Namgyal ku Dharamsala, yomwe ndi ya Dalai Lama mwini wake, ndipo kumeneko ndiko anaphunzira kujambula ndi mchenga. Mu 1988 Dalai Lama anawatuma ku New York kuti akapange mandala otchedwa Kalachakra pamaso pa anthu wamba ku American Museum of Natural History. Kenaka anakhazikika ku Philadelphia. Mu 1995 anavula mkanjo wa umonke, koma mchenga sanausiye.

Ntchito yake ndi yothyola msana. Amayamba ndi kulemba mizere pa thabwa lalikulu, kuyeza ndi chingwe kuti pasakhale pokhota. Akatero amatenga kachitsulo konga fanulo yaitali kotchedwa chak-pur, kuthiramo mchenga wonyikidwa mu utoto, n'kumakakwecha ndi kachitsulo kena kuti mchengawo uzigwa pang'onopang'ono ngati madzi a m'kasupe wouma. Amayambira pakati kupita kunja, atawerama, osapuma mwamphamvu kuopa kuuluza ntchito ya tsiku lonse. Chimene chimatuluka ndi nyumba yachifumu monga ingaonekere kwa mbalame ili m'mwamba, ya zipata zinayi, ndipo m'mandala a Kalachakra muli zizindikiro za milungu 722. Zimatha masabata. Ndiye zikatha? Amapemphera, amasesa zonse, kugawirako anthu timchenga pang'ono, wotsalawo n'kukathira mu mtsinje. Phunziro lake n'lakuti palibe chokhalitsa pansi pano, ngakhale chokongola chotani.

Tsono funsani kuti ntchito za a Samten za zaka zonsezi zili kuti. Zochuluka zinapita ndi madzi. Komabe Martin Scorsese anawaitana kuti ayang'anire mandala a mu filimu ya Kundun ya 1997, ndipo mu 2002 boma la America linawapatsa National Heritage Fellowship, ulemu waukulu koposa umene dzikolo limapereka kwa akatswiri a luso la makolo. Anthu a kumeneko anamvetsa kuti luso lili m'manja ndi m'mutu mwa munthu, ngakhale chopangidwacho chitasesedwa ndi tsache.

Tisiye za kutalizo, tibwere kwathu kwa Kabudula, ku Nsaru, ku Nambuma, kumene fodya akachoka m'zigafa ndi chimanga chikalowa m'nkhokwe ng'oma zimayamba kulira. Ndinene msanga kwa akuluakulu a mizinda kuti sindilowa ku dambwe m'nkhani ino. Ndikamba zokhazo zimene maso a mayi aliyense amaona pabwalo, ndi zimene zinalembedwa kale m'mabuku. Mwambo umati chilombo chimachokera kumanda, ndipo ine sinditsutsa. Koma makoko a chimanga sadziluka okha.

Amene anaonako kasiyamaliro akulowa m'mudzi m'bandakucha akudziwa chimene ndikunena. Msana wopindika bwino ngati mwezi watsopano, nyanga zoima, makoko olukidwa mothinana moti mphepo sipita, ndipo chinthu chonsecho, kukula kwake konseko, chimazungulira pabwalo mopepuka ngati nthenga. Taonani chimkoko, taonani njovu. Kuti zimenezi ziime, ziyende, zivine osaphwasuka, pamafunika kudziwa kulemera kwa nsungwi, kulimba kwa luzi, ndi pamene diso la woonera lidzagwere moto ukamawala usiku. Nzeru zotere sizibwera chaka chimodzi. Alipo madoda amene ayamba ali anyamata mpaka imvi mbuu, chaka ndi chaka, maliro ndi maliro. Ndipo mwambo ukatha, zilombo za udzu ndi makokozi zimatenthedwa. Masabata a thukuta, phulusa lokhalokha. Chaka chamawa ayambanso.

Kodi pamenepa pasiyana pati ndi a Samten? Winayo mchenga wake upita ku mtsinje, uyu makoko ake apita ku moto. Onse awiri akugwirira ntchito mizimu ndi anthu amoyo nthawi imodzi. Onse awiri akudziwa asanayambe n'komwe kuti chimene akupanga sichidzaona mwezi wamawa. Koma wina timamutcha katswiri, timamuonera pa intaneti n'kumati "koma azungu ndi amwenye ali ndi nzeru," pamene winayo timamutcha wosaphunzira, wachikunja, wotsalira. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chabwino, kalumoko tikalandire. Koma tikametere tsitsi limene latiphimba m'maso.

Ndipo si abambo okha. Anamkungwi ali ndi zoumba zawo za dothi zimene amaphunzitsira anamwali, zimene sizisungidwa chinamwali chikatha. Anzathu Ayao ali ndi inyago, zithunzi zoumbidwa pansi n'kulembedwa ndi ufa pa nthawi ya chinamwali cha anyamata, zimene Sanderson anazifotokoza mu Nyasaland Journal mu 1955. Ufa pa dothi, mchenga pa thabwa: mukufuna chibale choposa apa? Pitani ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala omwe UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, mukaone mizere yofiira yozungulira, ina m'kati mwa inzake, imene Akafula anasiya. Sindikunena kuti Akafula anali Abuda, musandinamizire. Ndikunena kuti kujambula dziko lonse m'kachizunguliro kamodzi si nzeru yobwera pa ndege. Ngakhale mayi wa ku Mpingu amene amazira nyumba yake ndi mtsiro, n'kulemba maluwa pakhoma ndi katondo ndi phulusa, akudziwa bwino lomwe kuti mvula ya Disembala idzafafaniza zonse. Amalembabe.

Nanga ife a m'tauni luso timati n'chiyani? Timati ndi chimene chingakwere ndege m'chikwama cha mlendo. Yendani m'misika ya ziboliboli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena njira ya ku Senga Bay: mvuu, mvuu, mvuu, mpando wa mfumu, mvuu inanso. Anyamata osemawo sindikuwanyoza, ali ndi manja abwino ndipo ana awo ayenera kudya. Ndikunyoza ife amene tawaphunzitsa kuti muyeso wa luso ndi dola. Chinthu chikakhala chosagulitsika, chosapachikika pakhoma la hotela, chopanda dzina la mwini pakona, basi kwa ife chimenecho ndi "chikhalidwe," mawu amene timawatchula ndi kamwano kofanana ndi kamene timatchulira "kumudzi."

Ndikudziwa zimene ena ayankhe, poti ndazimva kambirimbiri.

Ati zimenezo ndi zachipembedzo, si luso. Eti? Nanga a Samten amapanga mandala awo ngati masewera a bawo? Amayamba ndi pemphero, kutsiriza ndi pemphero. Nanga mitanda ndi zosema za m'matchalitchi mwathu tizitulutse m'gulu la luso chifukwa anthu amagwada patsogolo pake? Nkhondo ya amishoni ndi nyau m'zaka za m'ma 1920 inatisiyira chipsera chachikulu: mpaka lero munthu wophunzira amachita manyazi kuvomera kuti chilombo chinamukongolera. Chodabwitsa n'chakuti amene anayesetsa kuchiza chipserachi ndi wansembe wa Chikatolika yemwe. Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene Achewa anawapatsa mfunda wa Chisale, anafika m'dziko muno mu 1967, nayambitsa KuNgoni ku Mua mu 1976, ndipo anasonkhanitsa nkhope za gule mazanamazana m'nyumba ya Chamare. Buku lawo lalikulu la gule wamkulu linatuluka mu 2012. Ngati wansembe anatha zaka zoposa makumi anayi akuphunzira tanthauzo la nkhope iliyonse, iwe wa digiri imodzi ukuopa chiyani?

Ena ati ndiye tizisunge zonse m'nyumba zoonetsera zakale. Apa ndiye ndisiyana nawo ngakhale anzanga okonda za makolo. Ntchito ya ku Mua ndimailemekeza kwabasi, ndipo popanda iyo zambiri zikanaiwalika. Koma nkhope yopachikidwa pa msomali, yopanda ng'oma, yopanda fumbi, yopanda amayi oyimba, ili ngati chikopa cha nyalugwe pakhoma: mawanga alipo, nyalugwe palibe. Kasiyamaliro woikidwa m'galasi kuti asapse wasiya kukhala kasiyamaliro. Kupsako ndi mbali ya ntchitoyo, monga kusesa kuli mbali ya mandala. Chofunika kusungidwa ndi munthu wodziwa kuluka, ndi mnyamata amene akuphunzira pambali pake.

Enanso ati gule amamenya anthu m'misewu, amathamangitsa ana a sukulu. Zimachitika, ndipo wochita zimenezo ayankhe kwa mfumu ndi kwa apolisi monga wina aliyense. Mafumu ambiri a Achewa akhala akudzudzula khalidwe lomweli. Koma sindinamvepo munthu akunena kuti tileke kuyamikira mpira chifukwa ochemerera ena anagenda basi.

Funso lolemera ndi la ndalama, ndipo ili sindilithawa. Munthu sadya phulusa. Koma taonani mmene a Samten akhalira moyo: masukulu aukachenjede ndi nyumba zoonetsera zinthu zimawaitana, osati kudzagula chithunzi choti chikhale chawo, koma kuti anthu aone manja akugwira ntchito ndi kumva tanthauzo lake. Cholipiridwa ndi nzeru ndi nthawi. Kuno kwathu gule timamufuna pa msonkhano wa ndale, kuyambira nthawi ya Kamuzu mpaka m'nthawi ya zipani zambiri ino. Timamukweza pa lole, avine mphindi khumi bwana asanalankhule, timuponyere timakwacha pafumbi, abwerere ndi njala. UNESCO inalengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo tinaomba m'manja. Chaka ndi chaka mu Ogasiti timapita ku Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi titavala nsalu zatsopano. Zonsezo n'zabwino. Koma ndani anafunsapo kuti mdala uja wa ku Nsaru, amene mizinda itatu imamudalira, ali ndi bulangete?

Mudzati nanga tingamulemekeze bwanji munthu amene mwambo sulola kumutchula dzina? Limeneli ndi vuto lenileni, ndipo ndi pamene a Samten ali ndi mwayi woposa anzawo a kuno, poti iwo nkhope yawo imaoneka. Koma si vuto losowa njira. Mzinda uli ndi dzina. Mfumu ya mzinda imadziwika, ndipo imadziwa anthu ake. Ngati dziko lino lingakhale ndi mphotho ya akatswiri a luso la makolo yonga ija ya ku America, ingathe kuperekedwa ku mzinda, pabwalo, masana dzuwa likuswa mtengo, akuluakulu n'kukaifikitsa kumene ikuyenera kupita. Amayi ozira ndi anamkungwi ndiye alibe chobisa pa dzina: aitanidwe m'sukulu pa phunziro la Expressive Arts, alipidwe monga mphunzitsi, m'malo moti ana azikopera chithunzi cha apulo m'buku.

Ndipo ife olemba m'masamba ano tisadzichotsemo. Timatha milungu tikukangana za ndakatulo ya mizere khumi ndi iwiri, ngati ili ndi kalozera wabwino kapena ayi, koma sindinawerengepo wotsutsa zaluso ngakhale mmodzi akulemba kuti chilombo cha mudzi wakuti chaka chino chinaposa cha mudzi wakuti, pa zifukwa izi ndi izi. Anthu a kumudzi amakambirana zimenezi, ndipo amadziwa kusiyanitsa ntchito yaukhondo ndi yongogwetsa mphwayi. A Mkonzi, chilimwe chikubwerachi tumizani mtolankhani kwa Kabudula. Akayambe wapita kwa mfumu kukapempha chilolezo, kamera aisunge m'thumba mpaka atauzidwa, akaime kumene amayi aima, ndipo akafunse amayiwo chifukwa chake analulutira chilombo china n'kungochiyang'ana chinzake.