Womasulidwa Asasanduke Farao

Okondedwa akhristu a ku Mayani,

Alipo ena amene akunena kuti Mpingo uzingopemphera, nkhani za ulamuliro uziwasiyira andale. Anthu oterewa sanawerenge bwino Malembo Oyera. Aisraele anamudziwa Chauta ngati Mulungu amene anamva kulira kwa akapolo oumba njerwa za Farao, nawatulutsa mu Ejipito. Malamulo Khumi amayamba ndi chikumbutso chimenechi (Eksodo 20:2).

Sanalole kuti nkhaniyi iiwalike chifukwa anadziwa kuti womasulidwa lero atha kusanduka Farao mawa. Chikumbutsocho chinali chingwe chomangira amphamvu: wantchito apume pa Sabata, kapolo wachihebri amasulidwe m'chaka chachisanu ndi chiwiri ndipo asapite chimanjamanja, mlendo ndi mwana wamasiye asaponderezedwe. Mfumu Solomoni itaiwala zimenezi inagwiritsa thangata amuna 30,000, ndipo ufumu unagawika pamene mwana wake Rehobowamu anakana kupeputsa golilo.

Ifenso tinadutsa mu Ejipito wathu: malonda a akapolo, thangata, kutsekeredwa m'ndende popanda mlandu kuzengedwa. Kalata ya Aepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 inalambula njira ya riferendamu ya 1993. Koma mlimi wa kwa Tambala amene amagulitsa chimanga chake pa sikelo yobera, n'kuthera m'manja mwa akatapila, wamasulidwa ku chiyani? Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pofuna mavoti. Wandale amene amachitabe zimenezi akugula anthu a Mulungu pa mtengo wa sopo ndi mchere. Tikupempha mafumu athu kuti asamusonkhanitsire anthu, ndipo m'Miphakati mumufunse poyera komwe ndalamazo zachokera.