Zaka zambiri pa ndale sizitsimikiza chipambano: phunziro la zisankho zachipulula ku America

Lachiwiri pa 5 Malichi 2024, zigawo 15 za dziko la America zidachita zisankho zachipulula tsiku limodzi. Mawa lake Mayi Nikki Haley adatula pansi kampeni yawo, ndipo panthawiyo zinkaoneka ngati pa 5 Novembala adzapikisana ndi a Joe Biden ndi a Donald Trump, monga zidalili mu 2020.

Kuno kwathu woimira chipani pa mpando wa pulezidenti amasankhidwa ndi nthumwi ku msonkhano waukulu. Ku America anthu wamba amayamba kuvota chigawo ndi chigawo, ndipo pamakhala mafunso awiri: ndani ali ndi luso loyendetsa boma, nanga ndani angagonjetse wa chipani chinacho? Mayankho ake kawirikawiri satchula munthu mmodzi.

Ku chipani cha Republican, Mayi Haley adadza ndi mbiri yolemera: adakhala bwanamkubwa wa South Carolina kuyambira 2011 mpaka 2017, kenako kazembe wa America ku United Nations. Ankanena kuti iwo ndiwo angagonjetse a Biden mosavuta, chifukwa a Trump, a zaka 77 panthawiyo, adali ndi milandu inayi m'makhoti. Kafukufuku wina ankawavomereza. Komabe adapambana ku Washington DC ndi ku Vermont kokha, ndipo adagonja ngakhale kwawo ku South Carolina. Otsatira chipani adasankha munthu amene amamukonda.

Ku chipani cha Democratic, a Biden adali ndi zaka zambiri za utumiki. Adalowa m'nyumba ya malamulo ya Senate mu 1973, adakhalamo zaka 36, adakhala wachiwiri kwa a Barack Obama zaka 8, ndipo mu 2024 adali pulezidenti. Palibe mtsogoleri wamphamvu m'chipanimo amene adalimba mtima kupikisana nawo. Koma adali ndi zaka 81, ndipo ambiri ankakayika ngati angathe zaka zina zinayi.

Chenjezo lalikulu lidachokera ku Michigan pa 27 Febuluwale. Asilamu, Aluya a ku America ndi achinyamata, okwiya ndi mmene boma la a Biden linkathandizira Israel pa nkhondo ya ku Gaza, adapempha anthu kuti pa pepala lovotera achonge mawu akuti "uncommitted", kutanthauza kuti sali kumbali ya aliyense. Okonza kampeniyi ankafuna mavoti 10,000. Adapeza oposa 100,000. Mumzinda wa Dearborn, momwe mumakhala Asilamu ochuluka, mavoti amenewa adaposa a pulezidenti. Meya wa mzindawu, a Abdullah Hammoud, ndi phungu Rashida Tlaib adali m'gulu la olimbikitsa zimenezi. Patatha sabata imodzi, ku Minnesota pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse adavota chimodzimodzi.

Chiwerengerochi n'chofunika chifukwa Michigan ndi chigawo chimene chimapendekera uku ndi uku. A Trump adachitenga mu 2016 ndi mavoti osakwana 11,000. A Biden adachilanda mu 2020 ndi mavoti pafupifupi 154,000. Zinkaoneka kuti ambiri mwa anthu 100,000 aja akadzakhala pakhomo mu Novembala 2024, mpata umenewu udzachepa kwambiri. Sikuti anthuwa ankakonda a Trump, amene mu 2017 adaletsa nzika za maiko angapo a Chisilamu kulowa mu America. Vuto la a Biden lidali lakuti wovota wokhumudwa sakakamizidwa kusankha, akhoza kungosiya.

Apa ndi pamene tikuona kuti kuthekera kopambana sikupimidwa ndi zaka zimene munthu wakhala m'boma, kapenanso ndi kafukufuku yekha. Kumapimidwa ndi anthu amene ali okonzeka kudzuka m'mamawa kukaima pamzere chifukwa cha iye. Mayi Haley adali ndi mbiri koma chipani sichidawatsate. A Biden chipani adali nacho, koma ena mwa omwe adawathandiza mu 2020 adali atayamba kuwatembenukira. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi: ovota a ku Michigan adalankhula nthawi ikadalipo, ndipo panthawiyo padatsala miyezi 8 kuti chisankho chichitike.