MPWEYA WOBISIKA M'NYUMBA ZA M'CHAINDA

Mwezi wa June ukafika ndi mphepo yace, mabanja ambiri a m'Chainda, monganso a ku Kanyama, Chawama ndi Mtendere, amatseka ziboo zolowera mpweya ndi nsanza kapena mapepala. Ena anatseka kale mazenera ndi mabuloko cifukwa ca akawalala. Kuopsa kwa mbaula m'cipinda cotere kuli kodziwika kwa onse. Koma ulipo mpweya wina umene ndi owerengeka okha anamva mbiri yace, ndiwo radon.

Radon acokera m'nthaka. M'miyala ndi m'dothi muli uranium, pena wambiri pena wocepa. M'kupita kwa zaka uranium ameneyu amasanduka radium, ndipo radium ndiye abala radon. Mpweyawu ulibe fungo, ndipo suoneka ndi maso. Panja umabalalika ndi mphepo. Koma ukalowa m'nyumba kudzera m'ming'alu ya pansi, m'mbali mwa mapaipi, kapena pa dothi losathiridwa simenti, nupeza potulukira pali potseka, umaunjikana. Munthu akaupuma zaka zambiri, tizidutswa tace timakanirira m'mapapo ndi kuononga minofu, kufikira nthenda ya kansa iyamba.

Bungwe la World Health Organization likuti mwa odwala kansa ya m'mapapo 100 alionse, atatu kufikira 14 amadwala cifukwa ca radon, malinga ndi dziko lace. Ndi fodya yekha amene amaposa pamenepo. Ndipo ziwirizi zikakumana m'cifuwa cimodzi tsoka limakula, pakuti ngozi ya radon kwa wokoka fodya iposa ya wosakoka nthawi 25.

Kale anthu ankayesa kuti ili ndi bvuto la m'migodi mokha, popeza anchito a m'migodi ya ku Schneeberg, m'dziko la Germany, ankafa ndi cifuwa cacilendo kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Maganizowo anasintha mu 1984 pamene Stanley Watras, wanchito wa pa Limerick ku America, analiza makina ocenjeza za cizimezime coopsa pamene anali kulowa pa nchito. Akatswiri atafufuza anapeza kuti poizoniyo anali kumtenga kunyumba kwace.

Zambia sangadziyese mlendo pa nkhaniyi. Uranium anakumbidwa ku Mindola, ku Kitwe, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo alipo ku Lumwana ndi ku Siavonga. Mbali yaikulu ya mzinda wa Lusaka inakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, zimene ziri njira za mpweya wa pansi. Ici sicitanthauza kuti nyumba iriyonse iri pa ngozi. Nyumba ziwiri zoyandikana zikhoza kusiyana kutali, ndipo cimene cingaweruze ndi cipimo cokha.

Kupimako si nchito yobvuta. Kacipangizo kakang'ono, kokwana m'dzanja, kamaikidwa m'cipinda cogona kwa miyezi itatu, kenaka nkutumizidwa kwa akatswiri kuti akawerenge. Mu 2009 World Health Organization inalangiza kuti radon asapitirire mabekerelo 100 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya, ndipo kumene izi sizitheka asadutse 300.

Tsono mayi wogulitsa tomato pa msika wa Chainda sangafunefune yekha kacipangizo kotere. Boma liri nalo bungwe la Radiation Protection Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2005. Likulu la NISIR, kumene kuli akatswiri a sayansi, liri pa msewu wa ku bwalo la ndege, kufupi ndi Chainda yemweyo. Nkoyenera kuti mabungwe awiriwa agwirizane ndi Konsolo ya Mzinda, agawe tizipangizoti kudzera m'makiliniki a m'makomboni m'miyezi yozizira, ndi kulengeza zimene apeza m'cinenero ca anthu.

Pakali pano zocepetsa ngozi ziri m'manja mwa eni nyumba. Nsanza zicotsedwe m'ziboo, mazenera azitsegulidwa usana, ming'alu ya pansi imatidwe ndi simenti. Womanga nyumba yatsopano ayale pulasitiki yolimba asanathire konkire. Kumene cipimo cakwera kwambiri, paipi imaikidwa pansi pa konkire kuti iturutsire mpweyawo pamwamba pa denga.

Bvuto lagona pa nyumba za lendi. Wokhala m'cipinda ca mwini sadzagula thumba la simenti kukonza pansi pamene angacotsedwepo kumapeto kwa mwezi, ndipo mwini nyumba sagonamo. Konsolo iyenera kunena poyera kuti udindo wa ziboo za mpweya ndi ming'alu uli pa iye amene alandira lendi.